Mayi Bernadetta Nasoni ndi Dzina la pa Nsanja ya Asilikali

Mayi Bernadetta Nasoni, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwa mu 1943 kufupi ndi Nathenje. Bambo awo, a Ezekiel, sanawaonepo. Anachoka pamudzi mwanayo ali m'mimba, ndipo a Levison, mkulu wawo wa a Ezekiel, anauza anthu kuti mng'ono wawo wapita ku Joni kumigodi. Kalata sinabwere. Kusukulu anzawo ankawanena kuti mwana wa mtchona, ndipo a Bernadetta, ochepa thupi choncho, ankamenya aliyense wotchula mawuwo. Mayi awo ankangoti, "Bambo ako anali ndi chipsera cha moto pa tsaya lakumanzere, ndipo sankagona osapemphera. Munthu wotero sataya banja."

Atakwatiwa anabwera m'tauni, ndipo amuna awo atamwalira analera ana anayi ndi malonda a masamba mumsika waukulu. Kwa zaka makumi atatu ankachapa nsalu za paguwa Loweruka lililonse, osalola wina kuzisita. Koma mwezi wa Novembala unkawawawa. Akhristu akamalemba mayina a abale omwalira kuti awapempherere pa Misa, iwo ankagwira cholembera n'kuchibweza. "Akufa ali ndi Misa yawo, amoyo ali ndi yawo," ankatero. "Nanga bambo anga ndiwaike kuti?" A Levison anamwalira mu 1981 osaulula kanthu, ndipo a Bernadetta anaphika nawo pa maliro awo.

Mu 2009 Amayi Achikatolika a parishi yathu anapita kukapemphera pa nsanja yokumbukira asilikali ofera kunkhondo, kufupi ndi City Centre. Mayi Nasoni ankawerenga mayina ndi chala, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chawo, mpaka chalacho chinaima pa dzina la Levison Nasoni.

"Awa ndinawaika ndekha m'manda," anauza anzawo. "Amafa kawiri ngati ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso pansi. Iwo ndi mwana wawo Sophia anakwera basi katatu kupita ku Zomba kukafufuza m'mapepala akale. Ulendo wachitatu anapeza pepala lolembera usilikali la Levison Nasoni, ndipo pa zizindikiro za m'thupi panalembedwa chipsera pa tsaya lakumanzere. A Levison amene iwo ankawadziwa anali ndi masaya osalala. Kumeneko anawalozera kwa msilikali wina wokalamba, a Abdallah, amene maso anali atasiya kuona koma mutu uli bwinobwino.

"Ndikumukumbuka mnyamata wachipserayo," anatero a Abdallah. "Amene analembedwa anali mkulu wake, koma anachita mantha, ndiye iye anapita m'malo mwake, ndi dzina lomwe. Pa pelete ankayankha kuti Levison. Koma akagwada ankati, 'Ambuye, ndine Ezekiel, Inu sindingakunamizeni.' Anafera ku Burma, mama. Ndinamunyamula ndine."

Mayi Nasoni analira ngati kamwana. Tisabise, anakwiyanso kwambiri, ndipo panatha chaka asanakhululukire a Levison. Ana a malemuwo anawapempha kuti aleke kuchititsa manyazi banja, koma iwo anati manyazi anawasenza okha zaka makumi asanu ndi limodzi, tsopano atopa. Anayenda m'maofesi kupempha kuti dzina la pa nsanja likonzedwe. Bwana wina atatopa nawo anati, "Amayi, fupa lokakamiza limaswa mphika."

"Ngati mphikawo ukuphika bodza, usweke, bwana," anayankha.

Mphikawo sunasweke. Dzina la pa nsanja lili chomwecho mpaka lero. Koma Novembala wa chaka chimenecho Mayi Nasoni analemba kuti Ezekiel Nasoni pa mndandanda wa Misa ya akufa, ndi zilembo zazikulu zodzaza mizere iwiri. Ndipo chaka chilichonse ankapita ndi ndodo yawo ku nsanja ija, n'kuika chala pa dzinalo, n'kunena mokweza kuti aliyense wodutsa amve: "Awa si a Levison. Awa ndi a Ezekiel, bambo anga, ndipo sanatithawe."

Anadwala masabata awiri okha kunyumba kwa Sophia ku Area 3. Bambo Mfumu atawadzoza mafuta, anawafunsa ngati ali ndi mantha. Mayiwo anaseka pang'ono.

"Mantha a chiyani, Bambo? Ndikukaonana ndi munthu amene sindinamuonepo. Koma sindisokera ayi, ndikawadziwa ndi tsaya."

Anatisiya mwakachetechete masana a tsiku lomwelo, korona ili m'manja. Novembala akubwerayu Amayi Achikatolika apitanso ku nsanja, ndipo chala chidzakhala cha Sophia. Pa mndandanda wa Misa, mayina a bambo ndi mwana adzalembedwa pa mzere umodzi. Ambuye awapatse mpumulo onse awiri.