Holo ya ku Libuyu

Ndinaganiza zochoka ku Livingstone mlamu wanga atandiuza kuti ku Walvis Bay, kunja kwa dziko, akufuna amisiri omanga. Ndinali nditatopa kudikira maganyu m'mbali mwa Mosi-oa-Tunya Road. Ndinatsanzikana ndi mkazi wanga Namakau, n'kukwera basi yodzera ku Sesheke.

Kumeneko ndinamanga nyumba za anthu amene nkhope zawo sindinazione. Ndalama ndinkatumiza ndithu, koma Lamlungu linkanditalikira. Chifunga cha kunyanja chikakuta tauni, ndinkakhala pakhomo ndekha n'kumaona holo ya komboni yathu ya Libuyu ikuyandama mmenemo, denga lake lopindika ngati phiko la mbalame, khoma lake la njerwa zamabowo likumwaza timadontho ta dzuwa pansi. Anaimanga makolo athu ali achinyamata. Ukwati wathu tinavinira mmenemo, ndipo mpaka lero amayi amapitako ndi ana kusikelo.

Chaka chachinayi Namakau anaimba foni.

"Ba Mwiya, holo ba khonsolo bafuna kuigwetsa. Ati yang'ambika, bamangepo mashopu. Batipatsa mpaka mvula."

"Manje muzachita bwanji?"

"Tizaikonza tekha."

Ndinaseka. Koma sabata yonseyo ndinkamanga khoma la eni, maganizo ali pa mng'alu wa kwathu. Mwezi utatha ndinalongedza.

Ndinafika paholo Loweruka m'mawa. Oyendetsa mataxi ankatsitsa mchenga, akwaya akutunga madzi, Msilamu wogulitsa nsalu ali padenga. M'kati sikelo inali kupitirira, makanda akulira pakati pa makwerero. Pofuna kuonetsa zomwe ndinaphunzira kunja, ndinayamba kumata mabowo a khoma lija kuti lisalale ngati la nyumba zamakono.

"Imwe! Chotsani iyo simenti!" Anali ba Mutinta, namwino wopuma pantchito, amene ankatsogolera zonse. "Apo ni popitila mphepo. Mufuna bana bakomoke mu Okutobala?"

Ndinapala simentiyo mwamanyazi, iwo atandiimirira. Kenako anandilozera mng'alu weniweni, kuseri.

Mvula itagwa, mng'alu tinali titautseka, ndipo zogwetsa holo sizinamvekenso.

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti mudzi ndaunyamula ndine, kuti ukundidikira. Koma palibe anandifunsa za kunja. Ba Mutinta anangolemba dzina langa pa mndandanda wa osesa holo: Lachinayi, pansi pa la wometa tsitsi wa ku Dambwa.