Mmene Ndinawagawira Ababa Likodzo

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo amene akudikira kuti ndipepese akhale pansi, miyendo ingawapweteke. Chizindikiro choyamba chinali kuyabwa. Ine ndi Ababa tinakhala pakhonde la hotelo tikukanda miyendo ngati agalu a utitiri, tikunamizira udzudzu.

Unali mwezi wa Agosto, nthawi ya feriya, tchuthi cha ana a shikola. Mana Luzia, mlongo wanga amene amaphunzitsa ku Tete, anaganiza zoti Ababa ndi Amama akapumeko pa hotelo ina ya paphiri, pomwe nyanja ya Kahora Basa imalowa pakati pa mapiri n'kungoti phee ngati madzi a m'beseni. Chibwerereni ku Zambia kumene anathawira nkhondo, Ababa anali asanagonepo kutali ndi munda wawo wa ku Chiputo. Ine ananditenga kuti ndizinyamula chikwama.

Kupuma Ababa sakudziwa. Anakhala pakhonde atavala kazako yawo, jekete ya kutchalitchi, maso ali pamadzi, pakamwa pali mbuzi zimene anasiya kumudzi. Amama anangoti, "Bambo a Luzia, kodi tabwera kudzalira mbuzi kuno?" Ndinawamvera chisoni. Ndinatsikira kugombe, kumene wantchito wa pahotelo anatiletsa kusamba, ndinalowa m'mabango, ndinakhala pansi mpaka madzi afike m'khosi, ndiye ndinakuwa kuti, "Ababa, ndikumira!"

Sindinaonepo munthu wamkulu akutsika phiri chotero. Analowa ndi kazako yomwe, nsapato zomwe, za ng'ona osaganizako. Atandigwira kolala ndinaimirira, madzi n'kulekeza m'mawondo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikankha, ine ndinawakoka mwendo, tinagwa tonse, ndipo munthu amene ndinali ndisanamumvepo akuseka mokweza anaseka mpaka kutsamwa. Amama kumtunda anagwira nthiti. Tinasewera m'mabangomo mpaka dzuwa kufika paliwombo.

Kuyabwa kuja kunatha kokha. Mu Novembulo, ndili ku shikola ku Fingoe, ndinaona kuti mkodzo ukamatha pakudontha magazi, ndiponso pakuwotcha. Anzanga anandiwombera m'manja. Kwathu amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, choncho ndinayamba kuyenda chifuwa patsogolo. Za likodzo akuti tinaphunzira m'kalasi, koma tsiku limenelo ndiyenera kuti ndinali panja ndikugwira chibalo.

Shikola itatseka ndinapeza kunyumba kutazizira. Ababa anali ataonda. Ankalima pang'ono n'kukhala pansi, kuthengo ankapita pafupipafupi, pobwera dzanja lili m'munsi mwa mimba. Chimene kwa mnyamata ndi ulemu, kwa bambo wapabanja ndi manyazi, chifukwa anthu amati wachitenga kwa akazi ena. Amama anali ataona banga la magazi pochapa zovala za Ababa. Sanafunse kanthu. Anangosamutsira mphasa yawo kukhitchini, ndipo awiriwa anayamba kulankhulana kudzera mwa ine. "Uwauze atate ako chakudya chapsa." "Uwauze amako ndamva." Ababa ankamwa mizu mobisa. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana, ndipo mvula ikakhazikika ku Chiputo, msewu uiwale mpaka dzinja litatha.

Ndinawauza kuti nanenso ndikukodza magazi, tipite kuchipatala. Anati zanga n'zachinyamata, za akulu ndisalowerere. Ndiye ndinachita chimene ndimachidziwa. M'mawa wina ndinadzigwetsa pabwalo, kubuula, maso kutembenuza. Munthu amene ndinamunamiza kale ananamizikanso. Anathamangira wa mota, njinga yamoto ya hayala, anandikhazika pakati pa iwo ndi woyendetsa atandikumbatira njira yonse, Amama akutsatira pa mota ina akupemphera mokweza. Pamenepo pokha mtima unandigunda pang'ono.

Kuchipatala tinapeza bisha yaitali, mzere wa odikira, amayi ndi makanda pamabenchi, ena pansi pa mtengo. Tinadikira, ine nditatsamira phewa la Ababa, osaiwala kubuula. Titalowa kwa anamwino ndinakhala tsonga.

"Ine ndiliko bwino," ndinatero, "koma awa akukodza magazi kuposa ine."

Ababa anayang'ana pansi. Amama anayang'ana khoma. Anamwino sanadabwe n'komwe.

"Nonse awiri? Munasambako m'madzi oima, a mabango ndi nkhono?"

Anatipatsa timabotolo, aliyense kake, tinapereka mkodzo, n'kubwereranso pabenchi. Zotsatira zinatuluka masana: likodzo, tonse awiri. Anamwino anatembenukira kwa Amama, ngati kuti anawerenga nkhope yawo.

"Mayi, matendawa satengera kwa munthu. Tizilombo take timakhala m'madzi, timalowera pakhungu. Akanachedwa, chikhodzodzo chikanawonongeka."

Anatikweza pasikelo, anatiuza kuti tiyambe tadya, kenako anatimwetsa mapiritsi aakulu, owawa, iwo akuona. Tsiku limenelo mutu unazungulira, m'mimba munapota, nseru osanena. Ababa anavutika kuposa ine. Amama anawapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, akunena chapansipansi kuti, "Inunso, pakamwa mulibe?" Ababa anati, "Nanga inu munafunsa?" Pamenepo sanafunenso wowatumizira mawu. Pofika kumudzi mphasa ija inabwerera kuchipinda.

Magazi anasiya patapita masabata angapo. Mvula itadukiza tinakapimitsanso, anatipeza tilibe kanthu. Panopa Ababa thupi labwerera, akupalira mpaka dzuwa kuwathamangitsa. Ine ndili bwino kuposa mmene aphunzitsi anga angafunire.

Anyamata anzanga, magazi mumkodzo si ndevu. Inunso abambo, manyazi sachiza, ndipo amayi kunyumba akangokhala chete musayese kuti sakuona. Pitani kuchipatala msanga, msewu usanatsekeke, chifukwa si nyumba iliyonse ili ndi mwana wodziwa kukomoka.

Chilango chinabwera Ababa atapeza mphamvu. Anagamula kuti dzinja lonse madzi awo osamba ndizitunga ine, osati kumtsinje koma kumjigo, ndowa pamutu. Ankayesa ndichita manyazi pakati pa atsikana. Kumjigoko ndi kumene amatunga Selina, mwana wa a katekisita, amene chaka chonse ndakhala ndikusowa poyambira kumulonjera. Tsopano Ababa akudandaula kuti khungu liwathera, chifukwa ndikuwasambitsa m'mawa, masana ndi madzulo.