Odi wa Lachisanu

Mukafunsa ku Lirangwe ntchito imene Sumaiya amagwira, amayi ake amayankha monyadira kuti mwanayo ali ndi kontena ku Chileka. Anthu amangoganiza chikontena chopentedwa, shuga ndi sopo zili ndandanda pa shelefu. Ena mpaka anamutumapo mchere. Sumaiya analeka kalekale kuwongola nkhaniyi, chifukwa kontena yakeyo ngakhale mwini wake sanaionepo ndi maso.

Amagwira ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira. Kuseri kwa makina kuli kabokosi kachitsulo kokhomedwa pakhoma, kosaposa buledi kukula kwake, ndipo mauthenga onse amene makinawo amatumizirana amadutsa mmenemo. Mapulogalamu a m'kabokosiko amakhala iliyonse m'kachipinda kake kuti isasokoneze inzake, ndipo tizipinda timeneti ndiye makontenawo. Ya Sumaiya ntchito yake ndi kutchera khutu basi. Boyila, thanki yowiritsira madzi, ikanena kuti yatentha, pampu ikauzidwa kuti ime, iyo imajambula n'kusunga. Kunena zoona ndi ntchito ya miseche, koma miseche yovomerezeka.

Amene anamulowetsa ntchitoyi ndi achimwene ake, a Fikirini. Ndiwo anakhoma kabokosiko, ndiwonso anamuphunzitsa kompyuta ali kusekondale, pa laputopu yosweka galasi imene ankakaitchaja kometera tsitsi. Kenako Joni inawaitana monga imaitanira anyamata ambiri a kuno. Poyamba ankaimba foni. Mafoniwo anayamba kutalikirana, mpaka nambala inangoti zii. Kaya ndi ndende, kaya chipatala, kaya manyazi chabe, palibe ankadziwa. Sumaiya ankawasowa kwambiri. Ndege ikamatera pa Chileka ankaima n'kuiyang'ana, chikhalirecho munthuyo anapita pa basi.

Lachisanu lina, akuwerenga zimene kontena inajambula, anapeza mlendo. Makina nawo ali ndi ulemu wawo: wofuna kulowa amayamba wachita odi, wam'kati n'kumuyankha. Odi ameneyu anachokera ku South Africa, pa kakhomo kamene a Fikirini anadzisiyira kuti azikonza zinthu ali kutali, ndipo kiyi wake anali wawo. Mlendoyo analowa, anafunsa boyila mmene yatenthera, anasuzumira ngati kontena ikugwirabe, n'kutuluka osakhudza kanthu. Sumaiya anafufuza za m'mbuyo. Zinali choncho Lachisanu lililonse masana, nthawi yotuluka kumzikiti.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Lirangwe.

"Amayi, achimwene ali moyo."

"Wayankhula nawo?"

"Ayi. Koma amabwera kuntchito kwathu, mu kompyuta."

Amayi anafunsa ngati mwana wawoyo akuoneka kuti akudya.

Kwa miyezi ingapo Sumaiya anasunga mlendo wakeyo mumtima. Lachisanu sankapita kukadya ndi anzake, ankakhala pa kompyuta kudikira odi. Koma ankadziwa bwino kuti khomo lotere ndi loopsa. Wolowera pamenepo akhoza kulamula boyila pali anthu pafupi. Choncho anapita yekha kwa a Martin, mkulu wa mainjiniya, n'kuwafotokozera zonse.

A Martin si munthu wouma mtima. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Chemwali, ndakumvani. Koma mukutsimikiza bwanji kuti ndi iwowo? Malaputopu amabedwa. Khomo limenelo litsekedwe."

"Ndipatseniko Lachisanu limodzi lokha, bwana."

Anamupatsa. Pali mawu amene amaonekera munthu akangolowa m'kabokosiko, aja ochenjeza kuti osaloledwa asalowe. Sumaiya anawafufuta n'kulembapo ake: "Achimwene, ndine Sumaiya. Amayi ali bwino, maso okha ndi amene akuvuta. Khomo ili nditseka Lolemba. Nambala yanga ndi yomwe ija."

Lachisanu odi anabwera pa nthawi yake. Mlendo analowa, koma tsiku limenelo sanafunse boyila kanthu. Anangokhala. Sumaiya ankaona kuti munthuyo adakali momwemo, ndipo anakhala naye choncho, wina ku Chileka wina kaya kuti, mpaka belu lobwerera ku ntchito linalira. Kenako mlendoyo anatuluka.

Foni Sumaiya anaigwira m'manja Loweruka ndi Lamulungu lonse. Inalira kangapo, koma anali anthu a pompano. Lolemba m'mawa anatseka khomolo ndi zala zake, a Martin ataima kumbuyo kwake.

Kontena sinasiye kumvetsera, ndiye ntchito yake. Mpaka lero, Lachisanu masana, odi uja amafikabe. Amabwereza pang'ono, palibe womuyankha, n'kuchoka. Sumaiya amaonerera zonsezi ndipo zimamupweteka, pakuti amene anauza makinawo kuti asamayankhe ndi iyeyo. Chimene amaopa kwambiri ndi Lachisanu limene munthuyo adzatope.

Loweruka akafika ku Lirangwe, asanatule n'chikwama chomwe, amayi amafunsa ali pakhonde.

"Anabwera?"

"Anabwera, amayi."

"Unawalowetsa?"

Sumaiya amawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.