Tsiku Limene Ndinayanikitsa Gemu ya Msuwani Wanga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinasanduka munthu wofunika m'mudzi mwathu, ndipo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ufumuwo unayamba kugwedera. Zonsezi zinachitika chifukwa cha kabokosi kapulasitiki kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu.

Kwathu ndi kwa Kuntumanji, cha kumunsi, kumene mphepo ikachokera kunyanja ya Chilwa imabwera ndi fungo la matemba. Amalume anga, alongo awo a amayi, ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Anakwatira kufupi ndi doko la Kachulu ndipo, monga mwa mwambo wathu, anamanga kwa akazi awo. Kuchoka kwathu kukafika kumeneko unali ulendo wa ola limodzi, kudutsa m'dambo la mpunga. Mwana wawo woyamba, Gilibati, anali wamsinkhu wanga, ndipo tinali kalasi imodzi. Pokhala asuwani, tinali ndi ufulu wonyozana mmene tingathere. Iye ankanditcha akazi ake osadziwa kuphika, ine ndinkamutcha amuna anga a miyendo ya kakowa. Akanditsomphola chinangwa m'manja, akuluakulu ankangoseka n'kunena kuti chisuwani n'chimenecho. Panalibe mwana wina amene ndinkagwirizana naye kuposa iyeyo.

Chaka chimenecho amalume atabwera kutchuthi, anatsegula sutikesi pakhonde pathu. Amayi analandira bulangete, abambo analandira chipewa, ine anandiyika kabokosi kaja m'manja.

"Iyi ndi gemu, Esitere," anatero. "Ndakupatsa iwe chifukwa ndiwe mbumba yanga. Uzibwerekako msuwani wako."

Inali ndi kagalasi kotuwa ndi mabatani awiri ofiira. Ukaiyatsa, pagalasipo pankatuluka kamunthu kakuda konyamula dengu, kataima pansi pa mtengo. Mumtengomo munkagwa zipatso, zimene ife tinagwirizana kuti ndi mango, ndipo ntchito yako inali kukankhira kamunthuko kumanja kapena kumanzere kuti kawakhe. Mango akagwa pansi katatu, gemu inkalira ngati mwanapiye ndipo wosewerayo ankapereka kwa mnzake. Basi, inali yomweyo. Koma m'dera limene ngakhale wailesi inali ya mabanja owerengeka, kamunthu koyenda pagalasi kanali chozizwitsa, ndipo agogo ena anakana kukayang'ana, ati n'zamatsenga.

Ana ankabwera pakhonde pathu tikaweruka kusukulu, ine n'kumalamula ngati wapampando wa chipani. Amene wanditungira madzi ankasewera kawiri. Amene anandiseka m'kalasi ankaonerera ali chiimire. Gilibati yekha ndiye ankasewera popanda lamulo. Loweruka lililonse ankadutsa dambo lija, matope mpaka m'mawondo, kudzasewera gemu imene bambo ake omubereka anagulira mwana wina. Sanadandaulepo, ndipo ine sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti anali ndi chifukwa chodandaulira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachidziwa ndekha, osauza munthu. Tsiku lina ndinaiwala gemu ija padzuwa ndikupita kuchitsime. Pobwera ndinapeza galasi lonse lada ngati khala. Ndinailowetsa m'nyumba mtima uli m'mwamba, n'kuibisa kuseri kwa mtsuko. Pofika madzulo galasi linayeranso, kungotsala kabanga kakuda pakona. Kuyambira tsikulo ndinadziwa kuti gemu ndi dzuwa sizimwerana madzi.

Patapita zaka ziwiri amalume anabweranso, ndipo ulendo uno anabweratu, chifukwa njira ya ku migodi inali itatsekeka. Ine anandibweretsera nsapato zasukulu, zabwino ndithu, zoyamba m'moyo wanga. Koma Lolemba lake, nthawi yopuma, ndinaona ana ataunjikana pansi pa mtengo wa mtangatanga, pakati pawo pali Gilibati. M'manja mwake munali gemu ina.

Inali ya kamunthu komweko, dengu lomwelo, koma pachivundikiro panalembedwa nambala 2 wamkulu. Inkatsegulidwa ngati buku ndipo inali ndi magalasi awiri, lina pamwamba lina pansi. Mabatani anali anayi. Kamunthu kaja tsopano sikankangodikira mango pansi. Kankakwera mumtengo, kuchoka pagalasi lapansi kukafika lapamwamba, uku kakuzemba njuchi. Kakafika pansonga, gemu inkaimba kanyimbo. Ndinamva kanyimboko ndili chapatali. Ndinayang'ana nsapato zanga zatsopano n'kuziona ngati chipongwe.

Gilibati atandiona anakankha anzake. "Patukani, akazi anga afika. Bwera uyese, iweyo ndiye katswiri."

Ndikanangotambasula dzanja, nkhani ino sikanakhalapo. Koma ana onse anali kundiyang'ana, ana omwe aja amene dzana ankanditungira madzi. Ndinapinda manja kumbuyo n'kusuzumira ngati munthu woyesa nsomba pamsika.

"Chikomekome cha nkuyu," ndinatero. "Gemu yeniyeni ndi yoyamba. Iyi angoonjezera zinyalala."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mlaliki. Ndinkalalikira kuchitsime, panjira ya kusukulu, ngakhale kuseri kwa tchalitchi. Ndinkati magalasi awiri amapweteka maso. Ndinkati kanyimbo kaja n'ka makanda. Ndinkati aliyense angathe kukwera mtengo, koma kuwakha mango mpaka nambala kufika mazana atatu kumafuna mutu. Mfundo zina mwina zinali zoona, sindikudziwa, chifukwa gemuyo ndinali ndisanaikhudze ndi chala chomwe. Anzanga ankavomera ndi mutu, kenako n'kuthamangira kwa Gilibati. Loweruka pakhonde pathu pankangoyenda nkhuku, ana onse atadutsa dambo kupita ku Kachulu. Ndinkakhala ndekha n'kumawakha mango, khutu lili kumsewu.

Nsanje ndi matenda oipa chifukwa wodwalayo amadziona ngati wolakwiridwa. Ndinkadzifunsa kuti amalume aiwala bwanji kuti mbumba yawo ndine. Ndinafika poganiza kuti Gilibati amandiitana dala kuti andichititse manyazi. Katatu konse anabwera nayo kwathu, ataikulunga m'kansalu, n'kunena kuti tisinthane kwa sabata imodzi. Katatu konse ndinamubweza.

Mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo litafika, Gilibati anandipeza panjira ya kusukulu nkhope itagwa.

"Akazi anga, kamunthu kakufooka. Sikakuoneka bwino, ndipo nyimbo ikutuluka ngati ya munthu wa chimfine."

Anali mabatire. Gemu zimenezi zinkayendera timabatire tonga mabatani a malaya, timene tinkapezeka kwa okonza mawotchi ku Zomba kokha. Anga ankandigulira abambo akapita ndi nsomba kumsika. Koma kwathu aliyense ankadziwa mankhwala a batire lofooka: kuliyanika padzuwa. Mabatire a wailesi ankaikidwa pathandala limodzi ndi matemba, madzulo n'kubwezeredwa, wailesi n'kuyankhulanso masiku awiri. Gilibati anafuna kuchita chimodzimodzi, koma kachitseko ka mabatire a gemu yake kanali komangidwa ndi kasikuluwu kakang'ono kwambiri. Anayesa mpeni, anayesa waya wa njinga, zinakanika. Bambo ake anali kunyanja, kuzimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama m'mabango, kumene munthu amatha sabata ziwiri osaponda kumtunda.

"Ndiye nditani? Iweyo wakhala ndi gemu zaka ziwiri, ukudziwa."

Ndikukumbukira bwino kuti ndinali ndi nthawi yoganiza. Tinayenda mwina mapazi makumi awiri ndisanayankhe. Sindinganame kuti mawu anangondipulumuka.

"Yanika yonse," ndinatero. "Uitsegule, magalasi ayang'ane kumwamba. Usaike pathandala, ikanunkha nsomba. Uike palata, mpamene pamatentha bwino."

"Mpaka nthawi yanji?"

"Tsiku lonse. Ukaichotsa msanga mphamvu siilowa."

Anandithokoza. Anandipatsanso theka la chigumu chake.

M'mawa mwake anaika gemu ija palata lakale limene linkafunda khola la nkhuku, n'kubwera kusukulu. Tsiku limenelo kunatentha moti aphunzitsi anatitulutsa m'kalasi kukaphunzirira pansi pa mtengo. Ine ndinkayang'ana dzuwa likukwera, masamu osalowa. Mumtima ndinkadzinamiza kuti ingoda pang'ono ngati yanga ija, achite mantha tsiku limodzi, ana aone kuti yachiwiri ndi yosalimba. Koma yanga inakhala padzuwa nthawi yotunga ndowa imodzi, pamkeka, osati tsiku lathunthu palata.

Gilibati sanabwere kusukulu masiku awiri. Amene anabweretsa nkhani anali ana a ku Kachulu. Magalasi onse awiri anada osayeranso, pulasitiki inapindika moti gemu sinkatsekekanso. Amayi ake anamukwapula ndi nthambi ya bulugamu mpaka oyandikana nawo anachita kuleretsa. Ankamufunsa kuti wamuuza zimenezi ndani, iye n'kumangoti anaganiza yekha. Ankakhulupirirabe kuti ndinalakwitsa mosadziwa, ndipo sanafune kuti ndilowe m'mavuto.

Loweruka lotsatira khonde lathu linadzazanso. Ana onse anabwerera, ena atanyamula kale ndowa. Zimene ndinkafuna zinachitika ndendende. Gilibati nayenso anabwera, mizere ya bulugamu ikuonekabe m'miyendo, n'kukhala pamalo pake pa masiku onse. Ndinamupatsa gemu msangamsanga, osamuyang'ana kumaso. Anasewera pang'ono, kenako anaima n'kupendeketsa galasi. Anali ataliona kambirimbiri banga la pakona lija, koma tsopano ankadziwa mtundu wa kuda kumeneko.

"Esitere, banga ili linabwera bwanji?"

Ndinati sindikudziwa. Koma mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sadziwa kunama ndi nkhope. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene akuwerengera chinthu mumtima. Kenako anaika gemu pamkeka bwinobwino, n'kudzuka, n'kulowera njira ya kudambo. Mnyamata wina anaitola pomwepo n'kuyamba kusewera.

Sanandinenere kwa aliyense. Sananditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero, chifukwa pachisuwani kutukwanana ndiye chikondi. M'malo mwake anayamba kundilemekeza. Tikakumana kusukulu ankandipatsa moni waulemu ngati wopatsa mlendo, n'kudutsa. Chinangwa changa chinkatha chonse popanda wonditsomphola. Anthu akuluakulu anazindikira msanga, pakuti asuwani akasiya kunyozana ndiye kuti pagwa kanthu.

Amalume atabwerako kunyanja anabwera kwathu. Anandipeza ndikusankha mpunga kuseri kwa nyumba, n'kukhala pamtondo wogwetsa. Ndinkayembekezera mkwapulo, ndipo mwini mbumba akakwapula palibe woleretsa. Koma anangondifunsa ndi mawu otsika.

"Ndamva kuti unkauza anzako kuti gemu ya msuwani wako ndi yachabe. Unaisewerako?"

"Ayi, amalume."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu n'kutola kambewu ka mpunga pansi. Sindikudziwa ngati ankadziwa zonse kapena ankangoganizira.

"Ine ndili ndi nyumba ziwiri," anatero. "Kuno kwa mlongo wanga, ndi uko kwa ana anga. Ndikamwalira, ondiika ndi inu nonse. Yoyamba ndinaisiya kuno kuti Gilibati azibwera. Yachiwiri ndinaisiya uko kuti nawenso uzipita. Iye anayenda zaka ziwiri. Iwe unalephera Loweruka limodzi."

 Anapita kukacheza ndi amayi pakhonde, ine ndinatsala ndi lichero pamiyendo, ndikulira mopanda phokoso kuti asandimve.

Ndikanakonda kulemba kuti m'mawa mwake ndinadutsa dambo kukapepesa. Sindinapite. Manyazi anandigwira, ndinati ndipita sabata yamawa, sabata yamawayo n'kukhala mwezi. Chaka chotsatira Gilibati anapita kukakhala kwa achibale a amayi ake ku Songani, ine ndinasankhidwa kupita kusekondale. Gemu yanga inafa yokha patapita nthawi, ndipo sindikumbuka n'komwe kumene inathera. Ndinadzapepesa tili akuluakulu, aliyense ali ndi ana ake, pamaliro a amalume. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti zinali zachibwana, anaiwala kalekale. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kufunsa za ana ndi za ntchito.

Mpaka lero sindidziwa ngati gemu yachiwiri ija inali yabwino kuposa yoyamba. Ndinaiweruza miyezi itatu yathunthu, mokweza, pamaso pa anthu, ndisanadine batani limodzi. Tsopano ndikamva munthu akulumbira kuti chakale ndiye chenicheni, chatsopano n'chachabe, ndimayamba ndafunsa ngati wachiyesa, kenako ndimafunsa kuti chatsopanocho chili m'manja mwa yani. Kawirikawiri yankho limakhala pa funso lachiwirilo. Ine chimene chinkandipweteka sichinali magalasi awiri kapena kanyimbo. Chinali kuona chinthu chabwino chili kwa mnzanga, ngakhale mnzangayo ankachita kundibweretsera pakhomo.

Gilibati ali moyo, ali ndi golosale yake ku Songani. Ndikatsika minibasi pamenepo amandilandira bwino, amandipatsa mpando ndi chakumwa chozizira, ndipo amauza ana ake kuti agwade popereka moni. Ndakhala pampando umenewo kambirimbiri, tsitsi langa layera, ndikudikira kuti tsiku lina andinyoze ngakhale kamodzi.