Chimanga cha pa Bolodi

M'zaka za m'ma 1990, pomwe ndinkaphunzira uphunzitsi, koleji inanditumiza kukayeserera ntchito pasukulu ina ya ku Mwase. Ndisanazolowere n'komwe, panafika uthenga wakuti kukubwera azungu odzaona ngati koleji yathu ikuphula aphunzitsi ofanana ndi a maiko ena. Anati Lolemba lotsatira adzalowa m'kalasi mwanga pamodzi ndi mphunzitsi wanga wa ku koleji, ndipo mamakisi anga adzaperekedwa tsiku lomwelo. Ndikalephera, setifiketi palibe.

Ahedi anandiitana. "Aphunzitsi, sankhani phunziro limodzi, ana alidziwe ngati dzina lawo. Musatichititse manyazi."

Ndinasankha mbali za chimanga: mizu, phesi, masamba, ngayaye. Tangoganizani, ana a alimi, oyamba apalira kaye asanabwere kusukulu, ine n'kumawauza kuti uwu ndi muzu, m'Chingerezi chomwe kwawo sankachilankhula.

Lolemba lomwe ananena lija alendo sanabwere, akuti mvula yaononga msewu. Sabata yotsatira akuti galimoto yafera pa boma. Ife chimanga chomwecho m'mawa uliwonse. Ndinatopa nacho, moti ndinayamba kudana ndi minda ya m'mbali mwa njira. Ndikati tiyambeko masamu, ahedi ankasuzumira pawindo n'kuloza chimanga chomwe ndinajambula pabolodi. Chakumunda chinamasula, chinakhwima, ife tikadali pa mizu.

Potsiriza alendo aja anafika. Mayi wina wachizungu anakhala pabenchi kumbuyo, mphunzitsi wanga pambali pake. Ndinafunsa funso loyamba. Ana anayankha, koma sanandidikirenso. Anadzifunsa okha funso lachiwiri, ndi kalankhulidwe kanga komwe, n'kudziyankha, mpaka kumapeto. Pomwe ndinkakonda kukhosomola ndisanatchule ngayaye, kalasi yonse inakhosomola. Sankandinyoza, ayi ndithu. Ankandithandiza mwa chifundo chawo. Ine ndinangoti chilili, choko m'manja.

Mayi uja anaseka mpaka kupukuta misozi. Mphunzitsi wanga sanaseke. Titatuluka panja anandiuza motsitsa mawu: "Sindinakuoneni mukuphunzitsa. Ndiye ndikupatseni mamakisi a chiyani?" Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna ahedi kuti andilankhulireko. Anali atapita kukaona ngati nkhuku ya alendo yapsa.

Anzanga analandira masetifiketi awo n'kuyamba ntchito. Ine chaka chotsatira ananditumizanso pasukulu yomweyo kuti ndikabwereze, ndipo anandipatsa ana omwe aja, atakwera kalasi. Nditangolowa, onse anaimirira mwaulemu, anandipatsa moni, n'kuyamba mizu.