Madzi a Mbale Pansi pa Loda ya Ellard

Mwana wanga Ellard ndi dalaivala wa thirakitala ku Makata. Ndikanena choncho anthu amaseka, amati thirakitala m'tauni ilima chani. Siilima. Kutsogolo kwake kuli chifosholo chachikulu cha mikono iwiri yachitsulo, eni ake amati loda. Ndi chimene amatapira mchenga n'kumathira m'malole. Thirakitalayo ndi yakale kuposa iyeyo, mwini wake ndi a Nizam, Asilamu ogulitsa mchenga kuseri kwa mafakitale.

Ellard sukulu anasiyira Sitandade 8, bambo ake atamwalira. Wasenzapo matumba ku Limbe, waitanirapo minibasi, wakhalapo mlonda. Ntchito ya kwa a Nizam ndi yoyamba yoti amadzuka akudziwa kopita, ndipo ndi imene inabweza mkazi wake ndi mwana wawo Miriam kuchokera kwa makolo. Ine ntchito imeneyi ndinaigwadira, mawondo angawa akudziwa. Koma ndine ndemwe ndinatsala pang'ono kumuchotsetsa.

Mu Okutobala chaka chatha kunagwa maliro kwa aneba athu kuno ku Nkolokosa, amuna awo a Magdalene. Ellard anakapempha thirakitala kuti ikoke ngolo ya nkhuni ndi mipando. A Nizam anavomera, koma anati Lolemba 2 koloko ikhale itafika, loda ili pamalo pake, chifukwa kubwera malole a kasitomala wamkulu. Dalaivala wakale anachotsedwa atapinda mkono wa loda yomweyo. Ellard ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa.

Tinjira takwathu kuno n'topanikiza, loda ikanagwetsa mipanda ya anthu. Ndiye Loweruka m'mawa anaichotsera pabwalo panga. Anagoneka chifosholo pansi, anatsitsa timiyendo tiwiri timene imaimira ikakhala yokha, anazula mapini awiri onenepa ngati dzanja la mwana, anamasula mapaipi a oilo, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Anapondaponda pansi, panali pouma gwa.

"Amayi, munthu asaikhudze. Ikangosuntha pang'ono mabowo sakumananso."

"Ndamva, bambo. Palibe aikhudze."

Ana ndinawathamangitsa ndithu. Koma dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Azimayi otsuka mbale za pamaliro analibe mthunzi, ine n'kuona mikono ija ili m'mwamba ngati denga losafolera. Ndinaponyapo zitenje ziwiri, mumtima ndikuti chitenje si kukhudza. Tinatsukira pamenepo masiku awiri, madzi tikuthira pomwepo. Lolemba m'mawa ndinasesa, n'kuwazapo dothi louma kuti pabwalo paoneke bwino.

Cha m'ma 11 Ellard analowetsa thirakitala pakati pa mikono ija. Bowo la kumanja linakumana. La kumanzere linatsalira pansi, zala zitatu. Anabwerera, analowanso. Kachitatu anazimitsa injini, anatsika, n'kukanda pansi ndi nsapato. Kamwendo ka kumanzere ka loda kanali katamira m'matope.

"Pafewa bwanji apa? Mvula sinagwe."

Ndinene zoona, ndinafuna kunena kuti mwina paipi yaphulika pansi. Bodza linafika mpaka pakhosi. Ndinangoti Ambuye ndigwireni pakamwa.

"Ndine, Ellard. Tatsukira mbale pamenepa kuyambira Loweruka."

Anafunsa motsitsa mawu. Bola akanakalipa.

"Ndinati chani, amayi?"

"Unati asaikhudze. Za madzi sunanene."

"Ndikanadziwa bwanji kuti mutsegula lesitilanti pansi pake?"

Anthu anali atayamba kudzaza. Bambo wina anati angomenya pini ndi hamala, ilowa. Ellard anati dalaivala wakale uja anayambanso ndi hamala. Anathamangira kwa a Sulemani, a minibasi, amene tsikulo galimoto yawo inali pamiyala. A Sulemani anabwera okha ndi jeke yawo.

"Mayi a Ellard, mwaibatiza loda ya Asilamu?"

"Musandiseke, a Sulemani, tithandizeni."

Anaika jeke pansi pa mkono, a Sulemani n'kupopa. Loda sinakwere, jeke ndi imene inkalowa pansi. Anaika njerwa, inasweka. Ina, inaswekanso. Foni ya Ellard inalira. Anaiyang'ana, anapukuta manja pa ovololo.

"Ee bwana. Tikumangirira, bwana. Ifika."

Nthawi inali itakwana 1 koloko. Ndinaona thukuta likudontha pachibwano chake, ndinakumbukira masiku amene ankabwera ku Limbe mapewa atasupuka ndi matumba. Ndinaganiza za Miriam atanyamulanso kachikwama kake kubwerera kwa agogo ake ena.

"Pakufunika thabwa lalikulu, lolimba," anatero a Sulemani. "Apo ayi tigona pano."

Pakhomo panga thabwa lotero linali limodzi, chitseko cha kukhitchini. Ndi cha mlombwa, anapala okha malemu amuna anga. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mpeni, n'kuyamba kumasula masikuluwu a mahinjesi.

"Amayi, chimenecho n'cha bambo."

"Bambo ako sadyetsa Miriam. Nyamula."

Anachigoneka pamatope, jeke pamwamba. A Sulemani anapopa, chitseko chinalira, koma loda inayamba kukwera. Ellard anakwera pathirakitala kuti aziisuntha pang'ono, ndiye pa pini panalibe munthu. Anandipatsa ine, itapakidwa girisi.

"Mabowo akakumana mukankhe. Chala musalowetsemo, amayi, chiduka."

Ndinaima pakati pa tayala ndi chitsulo, injini ikundigwedeza mano. Ndinkasuzumira m'bowo, mukuoneka kuwala kochepa ngati mwezi wongotuluka kumene. Ndinkangoti Yesu, Yesu, mawu ena anandithawa. Kuwala kuja kunakula, kunakula, mpaka kunazungulira.

"Imani pomwepo!"

Ndinakankha ndi manja onse awiri. Inalowa theka n'kuima. Ellard anagwedeza thirakitala pang'ono chabe, ndinangomva kho, yalowa yonse.

Analowetsa pini inayo, anamanga mapaipi, anakweza timiyendo, anayesa kunyamula chifosholo kawiri. Anatuluka pageti nthawi itadutsa hafu pasiti wanu, osatsanzika. Ine ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Chakudya sindinadye.

Anabwera madzulo ovololo ili paphewa. Ndinayang'ana nkhope yake, sinanene kanthu.

"Zatha bwanji?"

"Ndinapeza lole imodzi itafika kale. A Nizam aona matope pakamwendo ka loda, andifunsa. Ndawauza zonse."

"Ndi za ine zomwe?"

"Ndi za lesitilanti yanu yomwe. Akuti loda isadzachotsedwenso kunja kwa yadi. Mawa 7 koloko ndili kuntchito."

Anatenga sikuludalaiva m'thumba, anadzutsa chitseko chija, anachipukuta matope n'kuchibwezera. Pakati pake pali dzenje lozungulira pamene panakhala jeke, ndipo sichitsekeka bwino mpaka lero. Ellard amati adzachipala. Ndamuletsa.