Tiyi Amene Anathiridwa pa Maluwa

Nditasiya ntchito ya utolankhani ku Blantyre ndinabwerera kwathu ku Likhubula, m'munsi mwa phiri. Ndinamanga kanyumba kuseri kwa tiyirumu ya achemwali anga aakulu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde pawo ndi nyuzipepala yadzulo. Chizolowezi cha ntchito sichitha msanga. Ndinkaona amene wafika, amene wangodutsa, ndi amene wasiya kubwera.

Achemwali anathyola tiyi ku esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana unakana dengu. Alamu anga atamwalira, iwo anatsegula tiyirumuyo m'mbali mwa njira yokwerera kuphiri. Ankagulitsa tiyi wa mkaka, mandasi, chinangwa chophika, ndi thobwa dzuwa likakwera. Makasitomala awo ambiri anali mapotala, azibambo amene amasenza katundu wa alendo okwera phiri.

Malonda amenewa sanayambe mophweka. Alamu anamwalira mwadzidzidzi, atangodya kumene chakudya chamasana. Kuchipatala ananena kuti unali mtima, koma mawu a dokotala satseka pakamwa pa mudzi. Achibale ena akuchimuna ananong'ona kuti m'mbale munali kanthu. Panapita zaka kuti anthu ayambe kumwa za m'manja mwa achemwali osayamba asuzumira m'kapu.

Alendo amene ndikufuna kuwafotokoza anafika nyengo yozizira itangoyamba. Anali bambo ndi mayi achikulire ochokera ku Amereka, a mpingo umene anthu ambiri amautcha wa Amormoni. Anachita lendi nyumba ya malata ofiira kumtunda kwa msewu. Aliyense ankavala kachikwangwani kakuda pachifuwa, koma mayina olembedwapo anatikanika, choncho mapotala anangowatcha Madala ndi Amayi, ndipo zinakhala choncho.

Nditawafunsa za moyo wawo anayankha mosabisa. Onse awiri anali atapuma pa ntchito. Anabwera ndi ndalama zawo, atasiya ana ndi zidzukulu kwawo. Sankagogoda m'makomo ngati anyamata a mpingo wawo a mataye aja amene tinkawaona mumzinda. Madala ankayenda ndi makomiti a m'midzi kukonza mijigo yofa, mpaka cha ku Milonde, ndipo ankabwerako malaya ali girizi yekhayekha. Amayi ankaphunzitsa azimayi kusoka. Lamulungu ankalawirira pa galimoto kukapemphera ku Blantyre, chifukwa kuno kunalibe anzawo. Lamulungu loyamba la mwezi ankasala kudya. Madzulo ankayenda m'mphepete mwa minda ya tiyi atagwirana manja, zomwe zinkaseketsa azimayi ochokera kokatola nkhuni.

"Akuopa kuti wina awalanda agogowo?" ankatero.

Ubwenzi ndi achemwali unayamba ndi nkhwani. Amayi anagula mpukutu pamsika, osadziwa kuti umayamba wasendedwa, ndipo anauphika ndi minga yake yomwe. Tsiku lotsatira anafika pa tiyirumu ndi tsamba limodzi m'manja, nkhope ili ndi funso. Achemwali anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako anawakhazika pansi nawaonetsa kathyoledwe ka phesi ndi kakokedwe ka ulusi wake. Kuyambira pamenepo Amayi ankabwera pafupipafupi. Anaphunzira kupeta ndi lichero, ngakhale kuti theka la chimanga linkathera nkhuku. Iwo ankaonetsa zithunzi za zidzukulu pa foni, achemwali n'kumafunsa kuti uyu n'ngwa ndani, nanga uyu bwanji waonda. Zikavuta ankandiitana kuti ndimasulire.

Kenako achemwali anawaitana onse awiri kuti adzamwe tiyi ngati alendo, osati ngati makasitomala. Anatulutsa makapu a m'kabati, aja oyera a mizere yagolide amene sanatulukepo chiyambire maliro a alamu. Anayala nsalu pa tebulo pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa tiyirumu. Tiyi wake anali wamphamvu, mkaka wam'mawa womwewo, shuga osaumira. Alendo analandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira. Achemwali anabwerera kukhitchini kukaphula mandasi pamoto, ine ndinapita kutsogolo kukathandiza kasitomala. Pobwerera tinapeza makapu ali mbee.

"Waona? Aukonda," anatero achemwali, nathiranso wina.

Zinachitika motero maulendo angapo. Ulendo wina potala wina wachikulire, wodziwika ndi pakamwa pake, anazungulira kuseri kukasamba m'manja pa mgolo. Anaona Madala akuwerama, n'kukhuthulira kapu yawo m'chitini cha maluwa chimene chinali pafupi ndi mpando. Amayi anawapatsira yawo, nayonso inapita momwemo.

Potalayo sanachite zoipa mwadala. Kwa iye inali nkhani yoseketsa, ndipo anaikamba pamphambano pamene mapotala amadikirira alendo. M'mawa mwake anyamata ankalowa akuseka.

"Mayi, tipatseni uja wa maluwa uja, akuti amameretsa bwino!"

Achemwali sanamve tanthauzo lake mpaka pamene anapita kuseri. M'chitinimo dothi linali lonyowa, lili ndi kakhungu ka mkaka pamwamba, ndipo nyerere zinali zitapanga msewu kukwera m'mbali. Anatsuka makapu a golide aja, nawabwezera m'kabati.

Nthabwala ikayenda pakamwa pambiri imasintha nkhope. Sabata isanathe anthu sankasekanso. Ankati azungu ndi anthu ophunzira, sangataye chinthu popanda chifukwa, pali chimene anaona m'kapumo. Wina anakumbukira za alamu. Sindinamvepo munthu akunena poyera, koma ndinkaona pakhonde. Woyamba kusowa anali mlonda wa za nkhalango amene sankaphonya. Kenako mapotala anayamba kudutsa atayang'ana kuphiri, kupita ku tiyirumu ina cha kumlatho. Mandasi ankagona m'beseni. Mkaka unkasasa. Amayi akafika n'kunena kuti odi, achemwali ankayankhira m'kati kuti atanganidwa.

Ndinakwera kunyumba ya malata ofiira masana ena. Ndinapeza Madala akutsuka zitsulo za mjigo m'beseni la parafini, Amayi akudula nsalu pa tebulo. Ndinafunsa monga tinkafunsira kuntchito, mosazungulira: kodi n'zoona kuti munataya tiyi wa achemwali anga, ndipo chifukwa chiyani?

Madala anafiira mpaka m'makutu. Anapukuta manja nthawi yaitali asanayankhe. Anati mpingo wawo uli ndi lamulo la za thupi: samwa mowa, sasuta fodya, samwa khofi, ndiponso samwa tiyi. Za mowa ndi fodya ndinkazidziwa. Za tiyi ndinazimva tsiku limenelo. Anati asanabwere anauzidwa kuti kuno kukana chakudya cha mwini nyumba ndi chipongwe chachikulu. Ndiye anadzipeza ali m'boma limene tiyi ali mbali zonse, pamaso pa mayi amene moyo wake wonse wathera mu tiyi, atawatulutsira makapu a m'kabati. Kumwa sakanatha, chifukwa analonjeza kwa Mulungu. Kukana anachita mantha. Maluwa anali pafupi.

Ndinawauza za imfa ya alamu, ndi za manong'onong'o, ndi za mandasi ogona m'beseni. Amayi anaika pansi sizasi, navula magalasi. Kenako anafunsa ngati angatumize mphatso. Ndinati mphatso ingolowa m'nyumba, pamene nkhaniyi ili pamsewu.

Anabwera m'mawa mwake, chiperoni chikuwaza. Achemwali anawalandirira pakhonde la kutsogolo, ataimirira, manja ali m'chiuno. Kutsidya kwa msewu mapotala angapo anali atabisala mvula pansi pa mtengo, ndipo palibe anayerekeza kuti sakumvetsera. Ine ndinaima pakati kumasulira. Madala anafotokoza zonse monga anandifotokozera, mutu uli pansi.

Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto.

"Uwafunse," anatero kwa ine. "Mpingo wawo ukuletsa tiyi, ndamva. Nanga bodza umalola?"

Ndinamasulira momwemo.

"Ayi, mayi," anatero Madala. "Limenelo ndi loletsedwa kuposa tiyi."

"Ndiye munasankha tchimo lalikulu kuthawa laling'ono? Asilamu akamasala amadutsa pano, amati mayi mwezi uno ayi. Munamva kuti ndinawathamangitsa ndi chikuni? Wodwala shuga amati musathire, sindithira. Pakamwa mulipo, bambo. Mumayesa ndine mwana woti ndingalire?"

Amayi sanadikire kuti ndimalize. Anayankha okha m'Chichewa chawo chodukaduka, mokweza kuti amve ndi akutsidya omwe.

"Tiyi wanu alibe vuto. Ife tili ndi vuto. Tinaopa. Pepani, achemwali."

Aka kanali koyamba kuwatchula choncho. Achemwali anawayang'ana, kenako anapukuta benchi ndi chitenje.

"Khalani apa. Osati kuseri, apa pomwe. Chimene Mulungu wanu amalola n'chiyani?"

Tinayamba kuwerenga za m'tiyirumu. Mandasi amalola. Chinangwa amalola. Madzi otentha okha achemwali anakana, anati samwetsa mlendo madzi osambira. Titafika pa thobwa Madala anadodoma, nafunsa ngati silikhala mowa.

"Likagonera masiku, inde," anatero achemwali. "Langali ndaphika dzulo. Ana a sukulu amamwa. Kapena inu ndinu ofooka kuposa ana a sukulu?"

Anatunga m'ndowa ndi chikho, nathira m'makapu apulasitiki a makasitomala wamba. Alendo anaweramitsa mitu, Madala anapemphera mwachidule, kenako anamwa onse awiri, pang'onopang'ono, mpaka pansi pa kapu. Timisere ta chimera tinatsalira pa ndevu za Madala.

Potala wapakamwa uja ndi amene anawoloka msewu. Anaima pa masitepe, madzi akudontha pa chipewa.

"Madala, ndimve bwino. Mwawoloka nyanja zonsezi kudzakhala pakati pa tiyi, koma tiyi simumwa?"

"Sindimwa."

"Kumwamba kwanuko kulibe tiyi?"

Madala anaganiza kaye. "Sindinafikeko. Koma ndikukayika."

"Ndiye musandisungire malo," anatero potalayo, ndipo akutsidya aja anaseka. Koma iye sanakhale pansi, ndipo tsiku limenelo palibe anagula kanthu.

Ndikanakhala ndikulemba nyuzipepala ndikanathera pa kuseka kumeneko. Zoona zake n'zakuti mphekesera sichoka ndi kupepesa kwa m'mawa umodzi. Alendowo anazindikira zimenezi popanda wowauza. Anayamba kubwera m'mawa uliwonse asanapite ku mijigo ndi ku makina osokera, kupatula Lamulungu, tsiku limene iwo sagula kanthu. Ankakhala pa benchi ya kutsogolo, poonekera kwa aliyense wodutsa, n'kulandira kapu kuchokera m'manja mwa achemwali. Nyengo yozizira kuno thobwa la m'mawa si chinthu chosangalatsa. Amayi analizolowera mpaka kulikonda. Madala ankamwa ngati munthu akumeza mankhwala a malungo, maso ali kuphiri, koma sankasiya ngakhale dontho.

Za chipembedzo ankakambirana mwa apo ndi apo. Achemwali ndi a tchalitchi cha pa mishoni chibadwire, ndipo ananeneratu kuti sasuntha. Alendo sanawakakamize. Tsiku lina Amayi anawauza kuti Lamulungu losala lija anasalira iwo ndi malonda awo. Achemwali anati zikomo, koma ulendo wina adzayambe adya kenako n'kupemphera, chifukwa munthu wanjala amapemphera mothamanga.

Makasitomala anabwerera mmodzimmodzi. Woyamba anali potala wapakamwa uja, amene anati ku mlatho tiyi wake ndi wamadzi ngati wa pamaliro. Anamwa ataimirira. Patapita masiku anabwera ndi anzake awiri, nakhala pansi. Mlonda wa za nkhalango anatulukira ngati sanasowepo, n'kufunsa chifukwa chimene mandasi achepera. Achibale akuchimuna aja sanabwere, ndipo mpaka lero sabwera.

M'mawa wina, kuzizira kutayamba kutha, kunafika gulu lalikulu la alendo okwera phiri, ndipo mapotala onse anafuna kumwa kaye asananyamule. Madala ndi Amayi atafika anapeza mabenchi onse odzaza, ena atakhala pa zikwama zawo, ketulo ikuyenda dzanja ndi dzanja. Anaima pamasitepe osadziwa pokhala. Achemwali anatuluka ndi beseni la mandasi, thukuta lili pamphumi, nawayang'ana, nayang'ananso khonde lonse.

"Uwauze," anatero kwa ine, "kuti mawa asavutike. Akundithera malo a anthu omwa tiyi. Amayiwa azibwera masana tizicheza. Madalawa ndawamasula, thobwa lawazunza mokwanira."

Ndinamasulira. Madala anavula chipewa, napumira m'mwamba mosabisa, mpaka mapotala anaomba m'manja. Achemwali anali atalowa kale m'kati, akukuwa kuti amene watenga kapu yachiwiri asayiwale kuti maso ali nawo.